Mutu umene sunkamva panado

Ndikukumbukira kuti m'nyumba mwathu munthu sankakwiya, sankakhumudwa, sankachita manyazi. Ankangodwala basi. Bambo anga ankagwira ntchito pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi msewu wopita ku Thazima, ndipo anthu onse ankawatcha adokotala ngakhale pepala lawo silinkanena choncho. Anali munthu wamtali, wofatsa, wonunkhira sipiriti ndi sopo wa kuchipatala, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilichonse chovuta munthu chili ndi piritsi lake. Amayi akapsa mtima chifukwa alendo a kutchalitchi angotulukira osanena, bambo ankawayang'ana n'kunena kuti magazi athamanga, akagoneko pang'ono. Eniakewo atagwa pa chisankho cha akulu a mpingo anakhala masiku angapo osaseka, ife tinauzidwa kuti ndi chimfine. Chinali chimfine chodabwitsa, chopanda mamina.

Ine ndinaphunzira msanga. Ndinali ndi nkhuku yanga yathadzi, yofiira, yotsimphina, imene inkanditsatira mpaka pamjigo. Tsiku lina abusa anabwera kudzayendera chipatala, ndipo mwa nkhuku zonse za pakhomopo, yosavuta kugwira inali yangayo. Ndinakana kudya, ndinakakhala kuseri kwa khitchini misozi ili chuchuchu. Bambo anandipeza, anandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja lawo lozizira, n'kunena kuti malungo akuyamba. Anandipatsa theka la panado ndi tiyi wamkaka, anandifunditsa juzi yawo yaubweya. Kunena zoona, ndinamva bwino ndithu. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti kanthu kakakuwawa m'kati, njira yachidule yopezera dzanja la bambo inali kungonena kuti mutu.

Amayi anali a ku Ntcheu. Kwawo anali NaPhiri, koma ku Rumphi anawasandutsa NyaPhiri, ndipo dzinalo anangolilandira monga analandirira kuzizira kwa kumeneko. Nkhungu ikatsika kuchokera ku Nyika m'mawa, ankaotha dzuwa pakhonde atakumbatira kapu ya tiyi, akung'ung'udza nyimbo za kwawo. Chitumbuka ankachimva koma ankachilankhula mwamantha, choncho m'nyumba mwathu tinkalankhula Chichewa, Chitumbuka chinkayambira pakhomo kupita kunja.

Zinali zaka zoyamba za matipate, pamene makalasi anadzaza mpaka ena tinkaphunzirira pansi pa mtengo. Ndili Sitandade 5 bambo anayamba kuonda. Poyamba anati ndi kutopa ndi ntchito, kenako anati ndi chifuwa. Anaboola bowo lina pa lamba, kenako linanso. Dzina la matendawo aliyense ankalidziwa, bambo eniakewo koposa, popeza ankaona anthu otero tsiku ndi tsiku pabenchi la chipatala. Koma palibe amene analitchula. Anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo tinakawaika kumudzi kwawo cha ku Kazuni. Za maliro ndimakumbukira zochepa: fumbi lofiira, azimayi a chigwirizano atavala zoyera, ndi mutu wa amayi wometedwa umene sindinauzolowere.

Patapita masabata angapo akuluakulu anakhala pansi kuti akambe za ife. Nyumba ya mishoni inkafunika, kunkabwera dokotala wina. Amayi anali atanena kale kuti abwerera ku Ntcheu. Vuto linali anafe. Kwawo kwa amayi ana ndi a mayi, koma kwawo kwa bambo, ng'ombe za malowolo zikapita, ana ndi a bambo, ndipo ng'ombe za amayi zinapita kalekale ine ndisanabadwe. Mlongo wanga Vitu anali akuyamwa, choncho panalibe mkangano, apita ndi amayi mongobwereka mpaka atakula. Nkhani inatsala pa ine.

Anakumana m'mawa m'chigafa, shedi yaudzu yoyanikamo fodya, imene nthawi imeneyo inali yopanda kanthu koma fungo lokha. Wotsogolera anali bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Munthu ameneyu ankavala tayi ngakhale popita kudimba. Sanali wankhanza ayi, ndipo anthu ankamutama kuti saweruza mokondera. Atamaliza kufotokoza mwambo, anavula magalasi n'kunena kuti dziko lasintha, si bwino kugawa mwana ngati mbuzi.

"Masiku ano ndi a matipate, ngakhale mwana ali ndi ufulu wolankhula," anatero. "Wezi, mwana wane, ngati uli ndi mawu nena. Tikumvera."

Maso onse anali pa ine. Ine ndinayang'ana amayi. Anali atakhala kumbuyo kwenikweni, miyendo atapinda, chitenje kumutu, maso pamkeka. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzipo, salankhula pamaso pa azilamu ake aakulu, mawu ake amadzera mwa wina. Mawu a amayi ankadzera mwa ankhazi, mlongo wawo wa bambo, amene kwawo kwa amayi akanati azakhali. Zimenezo ndinkazidziwa, koma ndinkadikira diso lokha. Akanangodzutsa nkhope pang'ono, ndikanathamanga kukagwira chitenje chawo. Sanadzutse.

Ndinkafuna kuwakumbatira, ndinkafunanso kuwamenya ndi zibakera chifukwa chosandiyang'ana. Ndinkaopa bambo aakulu, ndinkaopa kuti ndikanena zopita anthu ati ndakana bambo anga ali m'manda. Zonsezi ndikuzitchula lero, ndili mayi wa ana. Tsiku limenelo zinalibe mayina, zinali chimtolo chimodzi cholemera, ndipo dzina limene ndinkalidziwa la chimtolo chotero linali limodzi lokha.

"Mutu ukundipweteka," ndinatero.

Anthu anandimvera chisoni kwambiri. Wina anati mwanayu sakugona bwino chimwalirire bambo ake, wina anati ndi dzuwa. Ankhazi anandigwira dzanja, anandilowetsa m'nyumba, anandimwetsa panado n'kundigoneka. Ndili chigonere ndinamva akuimba nyimbo yotsekera, kenako pemphero lalitali la bambo aakulu. Anagwirizana kuti mwana wafunsidwa ndipo alibe chodandaula, choncho atsala pamudzipo.

Amayi ananyamuka m'mawa wina pa matola, kapikapu kamene kankadutsa pamudzipo kupita ku boma. Katundu wawo anali wochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Anandikonza kolala ya diresi, anandiuza kuti ndizimvera ankhazi, ndizisamba kuseri kwa makutu, ndisamayende wopanda juzi. Ine ndinati chabwino. Vitu anali kumsana akuyamwa chala. Galimoto italiza hutala amayi anakwera, anakhala pa thumba la chimanga moyang'ana kutsogolo, ndipo fumbi linawaphimba asanafike pokhota. Ine ndinabwerera kukatsuka mbale.

Moyo wa kumudzi sunali woipa, ndisanamizire anthu. Ndinkadya, ndinkapita kusukulu, yunifolomu anandisokera yatsopano. Anzanga anandiphunzitsa kupha kashembe, ntchentche ya kutchire ija, asanandilume, ndi kuzindikira ndowe za njovu zatsopano kuti tisadutse njira imeneyo. Koma mutu unayamba kupweteka zenizeni. Unkayamba m'mawa, unkakhala tsiku lonse ngati ndasenza ndowa yodzaza. Chakudya sichinkakoma. M'kalasi ndinkangoyang'ana pabolodi, ine amene kale ndinkalimbirana nambala wani ndi mwana wa abusa. Uthenga wa amayi unkabwera mwa apo ndi apo kudzera mwa anthu a pamsewu, ndipo unali umodzimodzi nthawi zonse: ali bwino, akupereka moni.

Banja la bambo linachita zonse zimene banja lophunzira limachita. Anandimwetsa mapiritsi a malungo mpaka m'makutu mukulira. Ananditengera ku chipatala chakale cha bambo kukayezetsa magazi, ndipo malungo sanapezeke. Tsiku limenelo ndinaona nyumba yathu ili ndi makatani ena, ndi mwana wina atakhala pakhonde pamene amayi ankaothera dzuwa. Ndinasanza m'mbali mwa msewu, ankhazi anati ndi galimoto. Aphunzitsi anati mwina ndi maso, anandikhazika kutsogolo kwenikweni kumene ndinkangodya fumbi la choko. Azimayi ena a pamudzi ananong'oneza kuti mwanayu ali ndi vimbuza, amuimbire ng'oma avine zituluke. Bambo aakulu atamva anati ng'oma imeneyo idzalira iwo ali m'bokosi. M'malo mwake anandipempherera, dzanja lawo lolemera lili pamutu womwewo wopwetekawo.

Ankhazi sanali munthu woti n'kumuthamangira ukagwa. Anali wamfupi, wamawu okalipa, wosadziwa kunyengerera mwana. Anakwatiwapo ku Hewe, ukwati unatha, anabwerera kumudzi okha. Za ana awo amene anatsala kumeneko sankakamba, ndipo ife tinkadziwa kuti si nkhani yofunsa. Chimene ankakamba tsiku lililonse chinali msana. Podzuka msana, pokhala msana, potunga madzi msana.

Dzinja litafika inakwana nthawi yosoka fodya. Amene sanasokepo fodya sadziwa kutalika kwa tsiku. Umakhala pansi m'chigafa, mulu wa masamba aawisi pambali, n'kumaboola mapesi ake ndi singano yaitali kuti apachikidwe. Utomoni wake umamata m'manja mpaka zala zimada bii, fungo lake limazunguza mutu ngakhale wa munthu wabwinobwino. Loweruka lina tinatsala awiri, ine ndi ankhazi, mvula ikuwaza pa udzu. Tinkasoka osayang'anana. Kumsewu matola analiza hutala, ndipo ine ndinaika singano pansi n'kugwira kumutu.

Ankhazi sanasiye kusoka. Anangonena kuti akhala akundiona, mutu wangawu umadziwa nthawi kuposa wotchi ya bambo aakulu, umadikira galimoto ilize kaye. Anandiuza kuti ndiloze pamene ululuwo umayambira, osati pamene umathera. Ndinaganiza kanthawi, kenako ndinaloza pachifuwa, pansi pa fupa lapakati.

"Mutu wako unasamukira pachifuwa liti?" anafunsa.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Iwo anatenga tsamba lina, analiboola, n'kuyamba kulankhula ngati akuuza fodyayo. Anati msana wawo unayamba tsiku limene anatuluka ku Hewe, mwana wawo wamng'ono atagwira mpanda akuwayang'ana. Anati apita nawo kuzipatala, abayidwa majakisoni, bambo anga anawapatsa mafuta opaka amitundumitundu. "Msana wangawu ulibe kanthu," anatero. "Ndi ana anga. Ndimawafuna chomene. Ndakalamba nazo osanena, iwe usakalambe nazo."

Kenako anayamba kundifunsa monga bambo ankafunsira odwala, chimodzichimodzi. Kodi ndi mantha? Kodi ndi mkwiyo? Kodi ndikupukwa amayi? Ine ndinkangogwedeza mutu. Iwo anakalipa kuti mutu wodwalawo ndiusiye upume, ndinene ndi pakamwa.

Mawu oyamba anatuluka ngati munga. Ndinati ndikuwafuna amayi. Ankhazi anati ndipitirize. Ndinati ndawakwiyira chifukwa sanandiyang'ane tsiku lija. Ndinati ndikuopa kuti sandifuna, anasankha Vitu. Ndinati ndawakwiyiranso bambo chifukwa chomwalira, iwo amene ankachiza anthu ena onse. Pofika pamenepo ndinali kulira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Ankhazi sanandikumbatire, manja awo anali utomoni wokhawokha. Anandipukuta mamina ndi nsonga ya chitenje mwankhanza ndithu, n'kundiuza kuti ndikamaliza nditole singano, fodya sadikira misozi.

Mutu sunapole tsiku lomwelo, koma ndinadziwa chimene chinkandidwalitsa. Ndinkayesa ankhazi akandinenera kwa bambo aakulu. Anakana. Anati iwo analankhulirapo amayi anga, ndipo ndaona ndekha chimene chinatulukapo. Anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mango pamene bambo aakulu ankawerenga, iwo n'kuima patali. Ndinagwada, ndinanena kuti ndikuwasowa amayi anga ndipo ndikufuna kupita kumene ali.

Bambo aakulu anatseka buku. Anandifunsa chifukwa chake sindinanene tsiku lija pamene anandipatsa mpata. Ndinayankha kuti sindinkadziwa kanenedwe kake. Kenako anati mwambo ndi mwambo, ine ndine mwana wa pamudzi pano mpaka kalekale, koma holide ya Pasaka ndipite, zinazo tidzaona. Anatulutsa mpango n'kumina mwamphamvu, anati fodya wa chaka chino ndi woyabwa m'maso.

Ndinapita ndi mayi wina wa mpingo amene ankakagula katundu ku Blantyre. Ulendo wonse ndinkabwereza mawu anga chamumtima ngati vesi loloweza la Sande sukulu, kuopa kuti angandithawenso. Ndinkaganiza kuti ndikapeza amayi akusinja kapena akuchokera kumunda, ndipo ndinakonzeka kuwakwiyira bwinobwino ndisanawakhululukire.

Ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, padzuwa, atafunda bulangete. Kuonda kumeneko ndinkakudziwa, ndinali nditakuonapo kale m'nyumba mwathu. Vitu anali kumsana kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, ndipo atandiona anabisa nkhope, sanandizindikire. Amayi aang'ono anandinong'oneza kuti ndisadandaule, ndi chifuwa chabe. Amayi anadzuka movutikira, anandigwira mapewa, ananena kuti ndatalika koma ndaonda. Mawu anga onse aja ndinatsala pang'ono kuwameza. Munthu wodwala chonchi ungamuuze bwanji kuti wamukwiyira?

M'mawa mwake anthu atapita kumunda tinatsala awiri, ine ndikuswa mtedza m'lichero, iwo atatsamira khoma. Ndinaona kuti ndikapanda kunena tsopano sindidzanenanso. Ndinayamba maso ali pa mtedza, ndinanena zonse mwa ndondomeko yake, kuwasowa, mkwiyo, mantha aja oti sandifuna.

Amayi anati ndisendere pafupi. Anandiuza kuti tsiku lija m'chigafa, akanandiyang'ana akanandigwira osandisiyanso, ndipo ankadziwa kale chimene chinali m'thupi mwawo. Ankafuna ndikhale kumene kuli sukulu ndi anthu amphamvu, ndisadzaonenso kachiwiri zimene ndinaona pa bambo. Nditanena za mutu tsiku lija, iwo anadziuza kuti mwanayu sakudandaula, chifukwa ndi zimene mtima wawo ukanatha kunyamula.

"Ndinkaopa, Wezi," anatero. "Ngakhale panopa ndikuopa."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akunena mawu amenewo. Ndinafunsa kuti akuopa chiyani.

"Kukusiyani muli ana. Ndiponso kufa kumeneko, ndikukuopa."

Ndinasiya lichero, ndinalowa m'bulangete mwawo ngakhale kunkatentha. Thupi lawo linali mafupa okhaokha, koma fungo linali lomwe lija la amayi anga.

Holide itatha sindinabwerere, ndipo bambo aakulu anatumiza mawu kuti ndikhale, sukulu ndidzaipeza. Miyezi imeneyo amayi anayamba chizolowezi. Ndikawabweretsera phala m'mawa ankandifunsa kuti lero mumtima muli chiyani, ndipo ndikayankha, inenso ndinkawafunsa. Masiku ena ankati awakwiyira bambo. Masiku ena ankati awasowa, n'kundisimbira mmene bambowo anawafunsirira ndi Chichewa chothyokathyoka mpaka tonse tinkaseka, iwo n'kutsokomola. Tsiku lina anati akuchita manyazi kuti mwana wawo ndi amene akuwasambitsa. Ndinati ine sindikuchita manyazi, ndikungomva chisoni. Anamwalira kuzizira kutayamba. Ine ndi Vitu tinabwerera ku Rumphi, ndipo anatilera ankhazi, ndi msana wawo womwewo.

Zinthu zasintha. Matenda aja lero ali ndi mankhwala, anthu amamwa piritsi m'mawa n'kupita kuntchito, amaona zidzukulu. Ndikaona azimayi a msinkhu wa amayi anga pamzere wa kuchipatala akucheza, akuseka, ndimachita nsanje, ndipo sindibisa. Ana a masiku ano nawonso mawu sawasowa. Mwana wanga wamkazi amatha kuima pakhomo n'kunena kuti amayi mwandikhumudwitsa, bambo ake n'kumati ndi mwano umenewo, ife sitinakule choncho. Zoonadi sitinakule choncho. Ine ndimamusiya anene mpaka amalize, ngakhale nthawi zina amawonjeza.

Posachedwapa mwana yemweyo anandifunsa kuti agogo ake a ku Ntcheu anali munthu wotani. Ndinayamba kufotokoza za nyimbo zawo ndi kaphikidwe kawo, koma ndinaona kuti ndikungozungulira. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo ali bwinobwino sindinawadziwe. Ndinawadziwa miyezi yochepa ija pamkeka, akutha. Ndiye ndinamuuza kuti agogo ake anali munthu wamantha amene anandikonda kwambiri, ndipo ndimawasowa mpaka lero.